MAGANIZO ATHU: Msewu Ukonzedwe M'chilimwe, Ndalama Yake Ipezeke M'dzinja

Mwezi wa Epulo umabweretsa zinthu zitatu pa nthawi imodzi m'chidikha cha Kasungu. Mvula imakata, misika ya fodya imatsegulidwa, ndipo kuyambira m'chaka cha 2022 chaka cha chuma cha Boma ndi cha makhonsolo chimayamba pa 1 Epulo, monga momwe zidalili kale chisanafike chaka cha 1998. Tanthauzo lake nlakuti nthawi imene misewu ili yofooka koposa chifukwa cha madzi a dzinja lonse, ndiyo nthawi imene malole odzaza mabelo amayamba kuiponda pa ulendo wa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndiponso ndiyo nthawi imene thumba la khonsolo limakhala litangotsegulidwa kumene, musanalowe ndalama yooneka.

Mfundo yathu lero ndi imodzi. Ntchito ya chaka ndi chaka yokonza misewu, ngalande, mipope ya madzi ndi magetsi a mumsewu m'tauni ya Kasungu iyenera kukhala ndi thumba lakelake losatapidwa pa zinthu zina, iyenera kuyenda pa ndondomeko imodzi imene khonsolo, a madzi ndi a magetsi agwirizana, ndipo zonsezi zizikhala zitatheka mvula isanakate. Khonsolo imene imayamba kufunafuna ndalama ndi kontirakitala m'mwezi wa Juni imakhala itataya kale gawo lalikulu la nyengo yopanda mvula, ndipo phula lake limadzathiridwa mitambo ya Novembala itayamba kale kuchita mdima. Ndalama yotero imapita ndi madzi.

TAUNI YAKULA

Pa kalembera wa m'chaka cha 1987, tauni ya Kasungu idali ndi anthu ochepera 12,000. Pa kalembera wa m'chaka cha 2018 adapezeka oposa 58,000, ndipo boma lonse la Kasungu lidali ndi anthu oposa 840,000. M'zaka 31 zokha anthu a m'tauni adachuluka pafupifupi kasanu. Kalavati amene adayesedwa kuti azitulutsa madzi a m'dera la minda ndi tchire sangakwanitse madzi otsika pa madenga a malata a nyumba mazanamazana, pakuti madzi ogwa pa tchire amalowa pansi, pamene ogwa pa malata ndi pa bwalo losesedwa amathamangira kumsewu onse nthawi imodzi.

Nthaka ya kuno nayo ili ndi khalidwe lake. Chidikha cha Kasungu nchosalala, dothi lake nlamchenga, ndipo madambo ali ponseponse. Pamalo osalala madzi sathamanga. Amayenda pang'onopang'ono natula mchenga m'ngalande ndi m'makalavati. Ngalande ikadzaza mchenga, madzi amasefukira pamsewu ndi kuima m'mbali mwake, kenaka amalowa pansi pa phula kudzera m'ming'alu ndi m'mphepete. Miyala ndi dothi zimene zidatsenderedwa pansi pa phula zikanyowa zimafewa, tayala likapondapo phula limasweka, ndipo dzenje limabadwa. Choncho mdani woyamba wa msewu ndi madzi, ndipo chida choyamba chomenyera mdaniyo ndi fosholo ndi wilibala m'ngalande, phula lisanatchulidwe nkomwe.

Mdani wachiwiri ndi kulemera. Pakati pa 1958 ndi 1960 akatswiri a misewu a ku America adachita kafukufuku wamkulu ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois, poyendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyeserera. Adapeza kuti katundu wa pa chitsulo chogwira matayala, chimene amakaniki amachitcha ekiselo, akachuluka kawiri, kuwonongeka kwa msewu sikuchuluka kawiri ayi, koma pafupifupi ka 16. Aphunzitsi a masamu aona msanga chimene chikunenedwa apa. Lole imodzi yodzaza mopyola muyeso imawononga msewu kuposa magalimoto ang'onoang'ono zikwi zingapo. M'chaka cha 2024 dziko lino lidagulitsa fodya pafupifupi makilogalamu 133 miliyoni, amene adabweretsa madola a ku America oposa 390 miliyoni. Belo limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Fodya yenseyo adayenda pa msewu, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene amalima fodya wochuluka koposa.

PHUNZIRO LIDAYAMBIRA KONKUNO

Anthu a ku Kasungu sayenera kuphunzira nkhani imeneyi kwa alendo, chifukwa idayesedwa pa nthaka yawo. M'chaka cha 1974 Boma lidagwirizana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse za ngongole yoikira phula msewu wa Lilongwe mpaka Kasungu. M'ngongole yomweyo mudali kagawo koyesera njira yatsopano yokonzera misewu ya m'maboma, ndipo boma limene lidasankhidwa kuti liyambe ndi Kasungu. Ntchito imeneyo, imene idadziwika ndi dzina loti DRIMP, idapatsa khonsolo zipangizo zapafupi, akapitawo ophunzitsidwa ndi antchito a manja, ndipo itaoneka kuti ikuthandiza idafalitsidwa ku maboma ena. 

M'chaka cha 1988 Banki yomweyo idatulutsa lipoti la kuwonongeka kwa misewu m'maiko 85 ongotukuka kumene. Lipotilo lidati maiko amenewa adataya misewu ya mtengo wa madola pafupifupi 45 biliyoni m'zaka 20, chikhalirecho madola ochepera 12 biliyoni, atagwiritsidwa ntchito pa nthawi yake, akadapewetsa chitayiko chonsecho. Kwacha imodzi imene khonsolo ikuganiza kuti yapulumutsa posakonza ngalande lero, idzafuna makwacha atatu kapena anayi pomanganso msewu mawa. Maganizo amenewa ndiwo adabala matumba apadera a misewu m'maiko ambiri a mu Africa. Kuno kwathu lamulo la m'chaka cha 1997 lidakhazikitsa National Roads Authority, ndipo malamulo a m'chaka cha 2006 adagawa bungwelo pawiri: Roads Authority yoyang'anira ntchito pa misewu ikuluikulu, ndi Roads Fund Administration yosunga ndi kugawa ndalama zochokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto.

MWINI MSEWU NDANI?

Munthu woyenda pansi sadziwa kuti msewu umene akupondawo uli ndi eni osiyanasiyana. Msewu wa M1 wodutsa pakati pa tauni, ndi wa M18 wopita ku Nkhotakota ndi ku Mchinji, ili m'manja mwa Roads Authority. Misewu ya m'kati mwa tauni, yopita kumsika, kudepoti, kuchipatala, kusukulu ndi m'madera monga Chankhanga ndi Chitete, ili m'manja mwa khonsolo ya tauni, imene ndi yosiyana ndi khonsolo ya boma la Kasungu yoyang'anira midzi. Mipope ya madzi imene yagona pansi pa misewu yomweyo ndi ya Central Region Water Board, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1995, ndipo limatunga madzi a tauni ku damu la Chitete. Mapolo ndi nthambo za magetsi ndi za ESCOM, koma nyali za mumsewu ndi udindo wa khonsolo. Pa dera la mamita 20 okha pali mabungwe anayi, lililonse ndi bwana wake, bajeti yake ndi kalendala yake.

M'chaka cha 2022 Boma lidakhazikitsa ntchito yokonzanso makilomita pafupifupi 300 a msewu wa M1 ndi ngongole ya European Investment Bank pamodzi ndi thandizo la European Union. Zigawo ziwiri za ntchitoyo zimakumana pa Kasungu: china chochokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, china chopita ku Jenda. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa alimi ndi amalonda, koma ili ndi msampha wake. Msewu waukulu ukakhala wosalala anthu amayamba kuganiza kuti nkhani ya misewu yatha, pomwe ngongole imeneyo siikhudza kamsewu kopita kumsika, ndipo siigula fosholo ya ngalande ya kumbuyo kwa sukulu. Komanso msewu wa M1 womwewo, umene udaikidwa phula m'zaka za m'ma 1970, ndi umboni wakuti msewu uliwonse uli ndi msinkhu wake, ndipo ukatha timabwerera kwa obwereketsa ndalama. Obwereketsawo amathandiza kumanga, koma kukonza kwa chaka ndi chaka ndi kwathu.

NDALAMA ICHOKERA KUTI?

Khonsolo ya tauni ili ndi zitsime zinayi zotungako. Choyamba ndi ndalama zotolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda, matikiti a pamsika ndi a padepoti. Chachiwiri ndi ndalama zochokera ku Boma kudzera ku National Local Government Finance Committee. Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya m'chaka cha 1998 idati Boma lizipereka ku makhonsolo magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zimene limatolera, koma kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti muyeso umenewu sukwaniritsidwa, ndipo zimene zaperekedwazo zimafika mochedwa. Chachitatu ndi thumba la misewu. Chachinayi ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu, limene lidayamba m'chaka cha 2006, lidafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha 2024, ndipo mkangano wa amene ayenera kuliyendetsa udafika mpaka ku Bwalo Lalikulu la milandu m'chaka cha 2025.

Mwa zitsime zinayi zimenezi, zitatu zili kutali ndi dzanja la khonsolo. Thumba la misewu lidalandira mphamvu zatsopano pamene zipata zolipirapo zidatsegulidwa pa Chingeni mu Novembala 2021 ndi pa Kalinyeke mu Januwale 2022. Komabe m'zaka za 2023 ndi 2024 nyuzipepala zidalemba kawirikawiri kuti msonkho wa pa mafuta sunkafika wonse m'thumbalo, chifukwa mtengo wa mafuta pa pampu udatsalira pansi pa mtengo wogulira kunja. Chitsime chachikulu chikaphwa, woyamba kumva ludzu ndi amene ali kumapeto kwa mzere, ndipo tauni yaing'ono imakhala kumbuyo kwa mizinda ikuluikulu ndi misewu ya dziko lonse. Makolo athu, amene ankaudziwa fodya, adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama imene khonsolo ingayikire ndondomeko mosakayika ndi yokhayo imene imatolera yokha.

Apa ndipo pagona nkhani ya kaundula wa mitengo ya nyumba. Lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 limafuna kuti nyumba ndi malo a m'tauni aziyesedwa mtengo pa zaka 5 zilizonse, ndi kuti nyumba zatsopano zizilowetsedwa m'kaundula wowonjezera pakati pa zakazo. Ntchito imeneyi imadya ndalama, ndipo siikondweretsa munthu aliyense, nchifukwa chake makhonsolo ambiri m'dziko muno akhala akuizengereza. Koma taganizirani: kwacha idatsika mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, nitsikanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Phula, dizilo, mapaipi ndi zitsulo za makina timagula kunja. Khonsolo imene ikutolera msonkho pa mitengo ya nyumba yakalekale, ndipo sitolo ndi nyumba zogona alendo zomangidwa dzana sizili m'kaundula, ikugula phula la lero ndi ndalama ya dzulo. Ndipo pamenepo pali kupanda chilungamo, pakuti mayi wogulitsa tomato amalipira tikiti tsiku ndi tsiku, pamene mwini nyumba yaikulu yosalembedwa salipira kanthu.

Ena anganene kuti njira yapafupi ndi kudula kenakake pa belo lililonse la fodya, popeza malole a fodya ndiwo amaononga misewu. Ife sitikugwirizana nazo. Mlimi akagulitsa fodya wake amadulidwa kale zambiri: za msika, za kafukufuku, za bungwe loyang'anira fodya, za mayendedwe ndi za ngongole ya feteleza. Kumuwonjezera mtolo ndi kulanga munthu wolakwika. Chofunika ndi chakuti khonsolo ikhale pansi ndi eni malole, makampani ogula fodya ndi eni nyumba zosungiramo katundu, igwirizane nawo za misewu imene malole olemera ayenera kudutsamo ndi malo amene ayenera kuimapo, nilimbitse misewu yochepayo, ndi kutseka ina yonse kwa galimoto zolemera. Chikwangwani ndi wapolisi wa pamsewu zimatchipa kuposa phula.

NTCHITO ZITATU, MATUMBA ATATU

Kukonza msewu kuli mitundu itatu, ndipo bajeti yabwino imaisiyanitsa. Pali ntchito ya nthawi zonse: kuchotsa mchenga ndi zinyalala m'ngalande, kutsegula makalavati, kutchetcha udzu, kumata ming'alu ndi kukwirira maenje akadali aang'ono. Pali ntchito yobwera pakapita zaka: kuthira phula latsopano pamwamba pa lakale pa zaka 7 mpaka 10 zilizonse, ndi kuthiranso dothi lamiyala pa misewu yafumbi. Pali ntchito yadzidzidzi, monga kalavati akakokoloka usiku wa mvula yamkuntho. Khonsolo imene yasakaniza zitatuzi m'thumba limodzi imaona ntchito yadzidzidzi ikudya zonse, ndipo yachiwiriyo imazengerezedwa chaka ndi chaka mpaka msewu utafa.

Tipereke chitsanzo cha masamu chabe, chimene ana a Sitandade 8 angathe kuwerengera. Tiyerekeze kuti tauni ina ili ndi makilomita 20 a phula, ndipo phula lililonse liyenera kuthiridwanso pa zaka 10. Tauni imeneyo iyenera kuthira makilomita 2 chaka chilichonse, osalephera. Ikadumpha zaka zitatu ili ndi ngongole ya makilomita 6, ngakhale m'mabuku a msungichuma mulibe mzere wosonyeza ngongoleyo. Ikadumpha zaka zisanu, makilomita oyambawo safunanso phula la pamwamba koma kugumulidwa ndi kumangidwanso. Khansala aliyense ayenera kudziwa nambala ziwiri za tauni yake: makilomita amene ilinawo, ndi makilomita amene iyenera kukonza chaka chino kuti isabwerere m'mbuyo.

KALENDALA YA NTCHITO

Lamulo limafuna kuti khonsolo ikonze ndondomeko yake ya chuma patatsala masiku 90 kuti chaka chatsopano chiyambe. Popeza chaka chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kuti ndondomekoyo imakonzedwa cha m'Disembala, mvula itangoyamba, pomwe kuwonongeka kwenikweni kumadzaoneka mu Febuluwale ndi Malichi. Vuto limeneli lili ndi mankhwala ake. Injiniya wa khonsolo ndi akapitawo ake ayende msewu uliwonse kawiri pa chaka. Ulendo woyamba ukhale mu Okutobala, kulemba utali, m'lifupi ndi mmene msewu ulili, ndipo zolembazo zikhale maziko a bajeti. Ulendo wachiwiri ukhale mu Febuluwale mvula ili mkati, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu amaona ndi maso ake pamene madzi amaima ndi kalavati amene watsekeka. Zopezeka pa ulendo wachiwiri zizilipiridwa kuchokera ku thumba la zadzidzidzi limene lidasungidwa kale.

Kuitana makontirakitala ndi kusankha wopambana motsata lamulo la kagulidwe ka zinthu za Boma kumatenga miyezi. Ntchito imeneyi ichitike mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi, kuti pangano lisainidwe bajeti ikangovomerezedwa. Mu Epulo ndi Meyi, dothi likadali ndi chinyezi, ndi nthawi yopala ndi kutsendera misewu yafumbi, pakuti dothi louma la mu Seputembala silitsenderezeka popanda kuthira madzi ogula. Kuyambira Meyi mpaka Julayi a madzi ndi a magetsi akumbe zokumba zawo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kunja kukutentha ndipo pansi pauma, phula lithiridwe. Mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala ngalande zonse ziyeretsedwe. Ndipo popeza ndalama zimayenda kwambiri m'tauni pamene alimi akugulitsa fodya, chimanga, soya ndi mtedza, khonsolo ilimbike kutolera msonkho wa nyumba m'miyezi imeneyo, osadikira Januwale pamene aliyense akulira feteleza ndi fizi ya ana.

SAFUNSA ADADYA PHULA

Palibe chopweteka mtima wa wokhoma msonkho ngati kuona phula latsopano likudulidwa patangotha mwezi umodzi kuti padutse paipi. Zotere zimachitika m'matauni a maiko ambiri, olemera ndi osauka omwe, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi: wothira phula sadafunse wa mipope, ndipo wa mipope sadauze wothira phula. Pamalo podulidwapo, ngakhale pakwiriridwe bwanji, ndi pamene madzi adzalowere. Nayonso paipi yakale yodontha pansi pa msewu imaononga kawiri, pakuti imafewetsa maziko a msewu ndi kutaya madzi amene adatsukidwa ndi mankhwala ogula kunja. Mabungwe a madzi m'dziko muno akhala akutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi awo, ena kuposerapo, chifukwa cha kudontha, kuba ndi mamita owonongeka.

Tikupempha kuti mwezi wa Novembala uliwonse, bajeti isanalembedwe, mkulu wa khonsolo aziitana msonkhano umodzi wa injiniya wake, a Central Region Water Board, a ESCOM, a Roads Authority ndi a makampani a lamya, aliyense atabwera ndi mapu a ntchito zake za chaka chikudzacho. Agwirizane kuti msewu umene uli pa mndandanda wa phula uyambe wasinthidwa mapaipi ake akale. Kuti pansi pa msewu watsopano paziikidwiratu mapaipi opanda kanthu odzadutsamo nthambo ndi mipope ya m'tsogolo. Ndi kuti aliyense wodula msewu azitenga chilolezo ndi kusiya chikole chimene adzabwezeredwa akakonza bwino. Nayo khonsolo ikhale chitsanzo polipira mabilu ake a madzi ndi magetsi pa nthawi yake, pakuti wangongole alibe mawu pa msonkhano. Kumene kwaikidwa nyali zoyendera dzuwa, bajeti ikumbukire kuti mabatire ake amatha pakapita zaka zingapo, ndipo nyali yopanda batire ndi mzati chabe.

Nkhani imeneyi ikhudzanso moyo wa anthu. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, nupha oposa 1,700 pofika m'chaka cha 2023. Pamene paipi yosweka yagona m'ngalande ya madzi oipa, ndipo madzi asiya kutuluka kwa maola angapo, zonyansa zimatha kulowa m'paipimo ndi kukafika pa mpope wa banja losalakwa. Madzi oima m'ngalande yotsekeka ndiwonso mobadwira udzudzu. Ndalama imene yakanidwa ku ngalande imakalipiridwa ku chipatala cha boma la Kasungu, ndipo nthawi zina imalipiridwa ndi maliro.

MAWU KWA ATSOGOLERI NDI APHUNZITSI

Tikudziwa chimene chimakopa mtsogoleri wosankhidwa. Msewu watsopano uli ndi mwala wa maziko, nyimbo ndi chithunzi m'nyuzipepala, pamene ngalande yoyeretsedwa bwino palibe amene amaiona, chifukwa umboni wake ndi madzi amene sadasefukire. Koma dziko lino lidakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo anthu adaona mmene zinthu zimakhalira pakasowa woyankha mafunso a m'dera. Inu makhansala amene mudasankhidwa pa 16 Seputembala 2025, pamodzi ndi a Mfumu a tauni, muli ndi mphamvu yokhazikitsa lamulo la khonsolo lakuti gawo lodziwika la msonkho wa nyumba lizipita ku akaunti yokonzera misewu ndi ngalande, ndi kuti msewu watsopano usavomerezedwe popanda kusonyeza kumene ndalama yodzausamalira idzachokere. Mndandanda wa misewu ya chaka chino, mtengo wake, dzina la kontirakitala ndi tsiku lomaliza ntchito zikhomedwe pa bolodi la khonsolo ndi pa chipata cha msika. Munthu amene waona kumene ndalama yake yapita savuta kulipira chaka chotsatira.

Akulu amene adakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira Sabata la Achinyamata, pamene ana a sukulu ankakonza misewu ndi milatho. Nthawi imeneyo idapita, ndipo ntchito yokakamiza siingabwerere. Koma ntchito ya manja yolipidwa moyenera ili ndi malo ake. Khonsolo itha kugawa ngalande m'zigawo, nipatsa gulu la achinyamata kapena la amayi a m'dera lomwelo chigawo chimodzi kwa chaka chathunthu, ndi kuwalipira mwezi ndi mwezi kapitawo akayendera. Ndalama imatsala m'dera, ndipo wotaya zinyalala m'ngalande amadziwa kuti akulakwira mnansi wake.

Inu aphunzitsi, kuyambira a m'sukulu za pulaimale mpaka a pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu, muli ndi gawo limene injiniya sangaligwire. Tengani ana mvula ikangokata, muyeze nawo msewu wa pafupi ndi sukulu, muwerenge maenje, mujambule mapu osonyeza kumene madzi amalowera, ndipo zotsatira zake muzitumize kwa khansala wa dera lanu. Limenelo ndi phunziro la masamu, la za malo ndi la unzika pa tsiku limodzi. Mwana amene wamvetsa kuti jumbo yotayidwa m'ngalande ndiyo imabala dzenje pamsewu adzakula ndi kukhala wokhoma msonkho wofunsa mafunso oyenera.

Mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama safesa nazale yake mvula itagwa kale. Amayamba mu Seputembala, kunja kuli gwa, chifukwa amadziwa kuti amene wachedwa ndi nazale wachedwa ndi chaka chonse. Akuluakulu a m'maofesi atengere nzeru yomweyo. Bajeti ya misewu ilembedwe m'Disembala, kontirakitala apezeke m'Malichi, mipope ikumbidwe phula lisanathiridwe, ndipo ngalande ziyere mvula yoyamba isanagwe.